Chidindo cha Malume Pageti la Mabasi

1. Ntchito yofunsa

Kunyumba ankamutcha Mafunso kuyambira ali wamng'ono, chifukwa pakamwa pake sipankauma. Ukamutuma mchere, ankayamba wafunsa kuti mcherewo umachokera kuti ndipo n'chifukwa chiyani suola. Malume ake, amene anamulera mayi ake atamwalira, ankangopukusa mutu n'kumati mwana ameneyu akapanda kudzakhala wapolisi, ndiye adzakhala apongozi ovuta.

Malumewo sanalondole. Atamaliza sukulu, Mafunso analembedwa ntchito pa kampani ina yopanga mapulogalamu a kompyuta. Pachiphaso chake analembapo dzina la udindo lalitali la Chingerezi loti ngakhale mwini wakeyo ankalitchula mopunthwa, koma ntchito yeniyeniyo inali yomwe ija ankakalipiridwa nayo kunyumba. Inali ntchito yofunsa.

Zimayenda chonchi. Boma likafuna makina atsopano, akatswiri opanga pulogalamu sangodzuka n'kuyamba kupanga. Pamafunika munthu woti apite kwa eni ntchito, akakhale nawo, akaone zimene amachita, akawafunse, kenaka alembe bwinobwino zimene makinawo ayenera kumachita. Zimene walembazo n'zimene akatswiri aja amatsatira, monga mmisiri amatsatira pulani ya nyumba.

Chaka chimenecho unduna woona zamayendedwe unkafuna kukonza za mabasi a boma a mumzinda. Anthu anali atatopa kuima pasiteji osadziwa ngati basi ikubwera kapena yafera m'njira. Undunawo unaganiza zoika kachipangizo m'basi iliyonse koti kazidziwitsa ofesi kumene basi ili, nthawi imene yatuluka m'depoti ndi nthawi imene yabwerera.

Amene ankayang'anira Mafunso anali mayi wina wa imvi zapatsogolo, yemwe anayamba ntchitoyi makompyuta akadali aakulu ngati kabati. Sanaimepo m'kalasi, koma ofesi yonse inkawatcha Aphunzitsi. Tsiku lina m'mawa anagawa ntchito. Wina anamutuma kwa amakaniki, wina kwa makondakitala. Atafika pa Mafunso anati iye akayambire pageti la depoti, chifukwa ntchito ya pamenepo n'njosavuta ndipo ndi yabwino kwa munthu wophunzira kumene.

Mafunso anavomera. Munthu wokhala pageti la depotiyo anali malume ake. Anafuna kunena, koma anzake anali ataimirira kale, ndipo iye anangomeza mawuwo n'kunyamula chikwama.

2. Kanyumba ka pageti

Malume atamuona akutulukira ndi chiphaso pakhosi, chimwemwe chinawasefukira. Anapukuta mpando wawo ndi chipewa n'kumukhazikapo, iwo n'kukhala pachigubu. Dalaivala aliyense wobwera ankayenera kumva kaye kuti uyu ndi mwana wa mlongo wawo, wamakompyuta, ndipo watumidwa ndi boma. Mafunso ankati akonze kuti watumidwa ndi kampani, koma malume analibe nazo ntchito zimenezo.

Kanyumbako kanali kakang'ono koti anthu awiri akakhalamo mawondo ankagundana. Munali tebulo, wotchi yapakhoma, buku lalikulu lakuda m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndi chidindo cha chigwiriro chamtengo chogona pakabokosi ka inki. Pamsomali panali kapu ya malume ndi jekete yamvula.

Basi ikafika pageti inkaima. Dalaivala ankatsika, n'kubwera pawindo ndi pepala lake. Malume ankayang'ana wotchi, n'kulemba nambala ya basi ndi nthawi m'buku, n'kudinda pepalalo, dalaivala n'kubwerera. M'mawa mabasi ankandanda mpaka kuseri kwa galaja, injini zikulira, utsi uli tolo, onse kudikira dzanja limodzi la malume.

Mafunso anayamba kufunsa, ndipo ankafunsa ngati munthu wofunafuna singano mumchenga. Anafunsa ngati malume amayang'ananso matayala kapena magetsi a basi. Iwo anati ayi, imeneyo ndi ya amakaniki, ndipo munthu salowerera ntchito ya eni. Anafunsa ngati anabwezapo basi chifukwa dalaivala akuoneka kuti walawa. Iwo anati za madalaivala amaona ndi a kapitawo basi isanalizidwe n'komwe. Anafunsa za akuba, iwo n'kuloza mlonda amene ankawodzera tsidya lina la geti.

Nanga bukulo limapita kuti? Linkapita ku ofesi, kumene kalaliki wina ankakopera nthawi zija mu kompyuta. Nanga chidindocho n'chachiyani? Chinali umboni woti basi yatulukadi pa nthawi imene yalembedwayo.

Anabwerako masiku angapo. Anafika mbandakucha, anafika masana, anafikanso kukugwa mvula, poganiza kuti mwina mvula ibweretsa ntchito ina imene sanaione. Mvula inangobweretsa matope. Zonse zimene malume ankachita, kachipangizo kaja kakanazichita kokha, basi isanaime n'komwe.

Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, Mafunso mafunso anamuthera. Anakhala pampando uja, malume akumufotokozera monyadira m'mene amasamalira inki kuti isaume.

3. Mawu a azakhali

Nkhani za m'depoti sizichedwa kufika m'makomo. Madzulo ena Mafunso akuanula zovala kuseri kwa nyumba, akazi a malume ake, amene iye ankawaitana kuti azakhali, anabwera n'kugwira mbali ina ya nsalu yoyala pabedi kuti apinde limodzi. Anati amva kwa mkazi wa dalaivala wina kuti makina akabwera, pageti sipadzafunikanso munthu. Anafunsa ngati zili zoona.

Mafunso anayankha kuti iye sachotsa munthu ntchito, amangolemba zimene waona. Azakhali anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Mwana wanga, usandiyankhe za ku ofesi, ine si bwana wako," anatero. "Unabwera m'nyumba muno uli ndi kadiresi kamodzi, ukulira usiku ndi usana. Sitinati uyu ndi wa eni. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo iwe sunali n'komwe wa mnzathu, unali wathu. Nsapato zako zoyamba, yunifolomu, mabuku, mpaka chipewa chija unavala pomaliza maphunziro, zonse zinatuluka m'chidindo chimene chija. Lero ukuchiona chopanda ntchito, koma ndi chimene chinakuphunzitsa kuwerenga. Malume ako atsala pang'ono kupuma. Akachoka panopa apita kuti? Ndani alembe ntchito munthu wamaso otopa ngati aja? Azing'ono ako awiriwa akadali pasukulu. Sindikuti ube, sindikuti uphe munthu. Cholembera chili m'manja mwako. Ungolembapo kamzere kamodzi koti ngakhale makina abwere, basi isamatuluke popanda chidindo. Ndani angatsutse? Amene anapita pageti ndiwe, iwo aja sanapiteko. Chibale ndi fupa, sichiola. Makina ako adzaonongeka, adzagula ena, koma ukadzadwala si makina adzakufunditse."

Anamaliza kupinda nsaluyo, n'kumusiyira m'manja, n'kulowa m'nyumba.

Mafunso anawamvera chisoni, ndipo panalibe mawu amodzi mwa onsewo amene akanati ndi abodza. M'nyumbamo malume ankathandiza mwana wamng'ono masamu, akulakwitsa limodzi n'kumaseka.

4. Mzere umodzi

M'mawa mwake analawirira ku ofesi. Anatsegula kompyuta, n'kupita pamene analemba za pageti, n'kuwonjezera mzere pansi pake: basi isatuluke m'depoti mpaka wa pageti atadinda pepala la dalaivala. Kulemba kwake sikunavute. Mzerewo unkaoneka waulemu ngati anzake onse.

Chakumasana Aphunzitsi anamuitana kuti aone limodzi zimene walemba. Ankawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, ndipo pa uliwonse ankafunsa zinthu ziwiri zokha: wapempha ndani, ndipo akufuniranji. Mafunso ankayankha bwino. Uwu apempha ndi a ku ofesi kuti azidziwa basi yochedwa. Uwu apempha ndi madalaivala kuti asamanamiziridwe kuti anatuluka mochedwa.

Chala chinafika pa mzere watsopano uja n'kuima. Aphunzitsi anafunsa mwa nthawi zonse kuti wapempha ndani.

Mafunso akanatha kunena kuti ndi lamulo la depoti, ndipo mwina zikanadutsa. Anayang'ana chala chija, n'kuyang'ana pansi.

"Palibe wapempha, mayi," anatero. "Wa pageti uja ndi malume anga. Ndi amene anandilera."

Aphunzitsi anavula magalasi. Sanakalipe. Anadzuka n'kukatseka chitseko kuti ena asamve, n'kubwerera pampando.

"Cholakwa chako choyamba si mzerewu," anatero. "N'choti sunandiuze tsiku lija. Ukanandiuza, sindikanakusenzetsa katundu ameneyu. Koma poti wasenza kale, tamvera. Ntchito yathuyi anthu amaipeputsa, amati timangocheza ndi kulemba. Sadziwa kuti mzere umodzi umene talemba ife umasanduka khoma. Anyamata opanga pulogalamu aja safunsa chifukwa. Akawerenga kuti basi isatuluke popanda chidindo, apanga makina okana kutulutsa basi popanda chidindo, ndipo adzakhala choncho mpaka iwe udzachite imvi. M'mawa uliwonse mabasi adzandanda pageti monga akuchitira lero. Wodikira pasiteji ndi ndani? Ndi mayi wopita kuchipatala ndi mwana kumbuyo. Ndi mtsikana wonga iwe amene akachedwa mayeso. Ndi bambo wonga malume ako amene bwana wake amuuza kuti ukachedwanso usabwere. Amenewo sudzawaona nkhope, n'chifukwa chake n'kosavuta kuwalakwira. Malume ako ukuwaona, ndipo ukuchita bwino kuwamvera chisoni. Munthu wosamva chisoni sindimufuna pa ntchito ino. Koma tsiku lina malume akowo adzapuma, chidindo chidzatsala, ndipo adzalemba munthu wina woti azidinda popanda wodziwa chifukwa chake. Anthu amatiuza zoona za ntchito zawo chifukwa amakhulupirira kuti tikalemba zoona. Tikayamba kulembera abale, mawa tilembera mabwana, mkuja tilembera amene watigulira chakudya."

Mafunso anafunsa ngati ndiye kuti malume achotsedwa. Aphunzitsi anati sakudziwa, ndipo sakufuna kumunamiza. Zochotsa kapena kusamutsa anthu amagamula ndi a ku unduna. Chimene iwo akanatha n'kulemba poyera mu lipoti kuti ntchito ya pageti idzatha, ndi kupempha kuti munthu wake aganiziridwe malo ena nthawi ikadalipo. Nthawi zina pempho lotere limamveka, nthawi zina limangogona m'fayilo.

Kenaka anamukumbutsa lamulo la pa ofesipo. Ukamaliza kulemba za ntchito ya munthu, umabwerera kwa mwini wakeyo, n'kumuwerengera zonse, kuti avomere ndi pakamwa pake kuti ndi momwemo, n'kusaina. Anati atha kutuma munthu wina kuti akawerengere malume, ndipo palibe angamunene. Koma za mzere uja anati sauchotsa iwo, chifukwa sanaulembe ndi iwo.

Anamukankhira kompyuta n'kupita kukathira tiyi.

Pamene ankabwerera, mzerewo unali utachoka. Mafunso anapempha chinthu chimodzi, kuti akawawerengere yekha malume ake. Anati ngati nkhaniyi ikawapweteke, ndi bwino aimve kwa munthu wowadziwa kusiyana ndi mlendo wothamangira kukwera galimoto. Aphunzitsi anavomera, koma anati za pageti zikatha china chilichonse chokhudza malumewo chizidutsa m'manja mwawo.

5. Ndi momwemo

Anasankha nthawi ya masana, mabasi ambiri ali pamsewu. Malume anamupatsanso mpando, iwo n'kukhala pachigubu chija. Atamva kuti wabwera kudzawawerengera za ntchito yawo, anakonza kolala ya malaya n'kuika manja pamawondo ngati munthu wojambulitsa.

Mafunso anawerenga. Wa pageti amalemba nambala ya basi. Amalemba nthawi imene yatuluka kapena kulowa. Amadinda pepala la dalaivala monga umboni. Amapereka buku ku ofesi.

Analeka. Malume anadikira kuti atembenuze pepala, koma iye sanatembenuze.

"Zatha?" anafunsa.

"Zatha, malume."

"Ndimayesa zikhala zambiri." Anayesa kuseka. "Zaka zonsezi, ndiye zakwana pakapepala kamodzi, n'kutsalanso malo."

Mafunso anawauza kuti pali mbali ina yoti amve. Sanadumphe kalikonse. Anawerenga kuti kachipangizo katsopano kazidzachita zonsezi kokha, kuti basi siidzafunikanso kuima pageti, ndi kuti ntchito ya wa pageti idzatha. Anawerenganso pempho lija loti munthu wake aganiziridwe malo ena, n'kuwauza mosabisa kuti limeneli ndi pempho chabe. Pomaliza anafunsa funso limene lamulo linkafuna, ngati pali chimene wasiya kapena chimene walakwitsa.

Malume anayang'ana wotchi. Anayang'ana buku, kenaka kunja kwa windo. Zinkaoneka kuti nawonso akufunafuna chimene iye anafunafuna masiku onse aja. Anayamba kunena kuti amakumbutsa madalaivala kuvala majekete kukazizira, koma anadzidula okha n'kupukusa mutu.

Anafunsa ngati azakhali ake analankhula naye. Mafunso anavomera ndi mutu. Anafunsa ngati anachita zimene anamupempha. Iye anati analemba, koma anafufuta.

"Unafufuta," anabwereza malume, motsitsa. Panalibe kukalipa m'mawu mwawo, komanso panalibe kuyamikira. Anali munthu wopwetekedwa, ndipo sanayese kubisa. "Ndikanakonda ukanasiya. Ndisakunamize, mwana wa mlongo wanga, ndikanakonda. Ndili ndi mantha. Sindidziwa ntchito ina."

Misozi inamulengeza Mafunso. Anafuna kupepesa, koma malume anakweza dzanja.

"Wandifunsa ngati walakwitsa. Sunalakwitse. Ndi momwemo."

Anapempha cholembera. Anasaina pang'onopang'ono, dzina lonse, n'kumubwezera pepalalo osamuyang'ana kumaso. Nthawi yomweyo basi ina inafika pageti, dalaivala n'kubwera pawindo akuimba mluzu. Malume anadzuka n'kumuthandiza mwa masiku onse, n'kumufunsanso za mwana wake amene ankadwala chifuwa.

6. Pakhomo

Tsiku limenelo anaweruka limodzi. M'basi anakhala mpando umodzi, koma njira yonse malume ankangoyang'ana kunja. Kondakitala wowadziwa anawaseka kuti lero ayenda ndi bwana wawo, iwo n'kungomwetulira mbali imodzi. Mafunso anafumbata chikwama chake pamiyendo.

Atatsika anayenda kanjira kopita kunyumba, malume patsogolo, iye pambuyo. Dzuwa linali lisanalowe. Ali chapatali anaona ana akusewera mpira pabwalo, ndipo azakhali anali pakhonde akusoka batani la yunifolomu ya malume. Atawaona akubwera awiri, anasiya kusoka n'kuimirira.

Malume anaima pafupi ndi mpanda. Anavula chipewa, n'kuchitembenuzatembenuza m'manja.

"Nanga azakhali akowo awauze ndani," anafunsa, "iwe kapena ine?"

"Ine, malume."

Malume anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba chichokereni pageti. Kenaka anapatukira pambali kuti iye atsogole.

Mafunso analowa pabwalo. Ana anamuthamangira kudzalandira chikwama, koma azakhali anawauza kuti akasewere kuseri. Anatsika pakhonde, singano ikadali m'manja, nkhope yawo ili ndi chiyembekezo choti munthu sukanafuna kuchiona.

"Wafika, mwana wanga," anatero. "Kamzere kaja walemba?"